Zingwe ziwiri pa seva yosungira mafayilo: active-backup, LACP, SMB Multichannel kapena MPIO?

Dzinja lapitali ndinaitanidwa m'mamawa ku ofesi ina ku Luwinga. Usiku kunagwa mvula yamabingu, ndipo pofika 8 koloko panalibe kompyuta imene imatsegula fayilo ngakhale imodzi. Amayi oyang'anira za chuma anandichingamira pakhomo nkhope itagwa, chifukwa inali sabata yokonza malipiro.

"Achimwene, anatiuza kuti bokosi lathu lili ndi zingwe ziwiri, china chikaduka chinacho chigwira ntchito. Nanga lero zonse zaduka?"

"Ayi mayi, tiyeni tikaone kaye kumene zingwezo zikupita."

Ndinagwada kuseri kwa kabati n'kuzitsata ndi dzanja. NAS, bokosi losungira mafayilo lija, inali yoyaka, madisiki ake ali bwinobwino, ndipo zingwe ziwiri zabuluu zinalipodi. Koma zonse zinalowa m'switch imodzi, pa port 23 ndi port 24, ndipo switch imeneyo, kabokosi kamene zingwe za makompyuta onse zimakumanamo, inali zii, yopanda ngakhale kanyali kamodzi, ikununkha pulasitiki yopserera. Amene anaika makinawo anateteza ofesiyo ku kuduka kwa chingwe, koma chimene chinafa sichinali chingwe.

Kuchokera muno mu Mzuzu kupita ku Lilongwe pali njira ziwiri zenizeni. Mutha kukwera M1 kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, kapena kutsika ku Nkhata Bay n'kutsata M5 m'mbali mwa nyanja kudzera ku Dwangwa, Nkhotakota mpaka Salima. Mlatho ukakokoloka uku, mumadzera uko. Kukulitsa msewu umodzi kuti magalimoto awiri aziyenda mbali ndi mbali n'kwabwino, koma mlatho wake ukapita onse amaima pamodzi. Njira zonse zimene ndiziyerekeze pano ndimaziyeza ndi funso limeneli: kodi ndi misewu iwiri, kapena ndi msewu umodzi wotakasuka?

Musanasankhe, dziwani chiyankhulo chimene makompyuta anu amayankhulira ndi seva. Ngati anthu amatsegula mafoda pa Windows, imeneyo ndi SMB, pa port 445 (port iyi ndi nambala ya m'pulogalamu, osati polowera chingwe). Ngati ndi makina a Linux, kawirikawiri ndi NFS, pa port 2049. Ngati seva ya Proxmox, VMware kapena Hyper-V, mapulogalamu oyendetsa makompyuta angapo m'kati mwa seva imodzi, imaona malo osungirawo ngati disiki yakeyake, ndiye iSCSI, pa port 3260. Yankho labwino limasintha malinga ndi zimenezi.

Palinso njira ina imene si njira konse, ngakhale ndimaipeza pafupipafupi: kungolowetsa chingwe chachiwiri n'kusiya khadi lililonse la netiweki, polowera chingwe pa seva, litenge adiresi yake ya IP pa netiweki yomweyo. Anthu onse amakhala atalumikizidwa ku adiresi yoyamba, ndipo ikasowa palibe chimene chimawasamutsira ku yachiwiri. Pa Linux zimasokonezanso, pakuti makinawo amatha kuyankha funso la ARP, lofunsa kuti adiresi yakuti ili pa khadi liti, kudzera pa khadi lililonse, moti mumaganiza kuti zinthu zikuyenda pa chingwe ichi pamene zikuyenda pa icho.

Active-backup: chingwe chimodzi chigwira ntchito, china chidikira

Pa Linux makhadi awiri amamangidwa kukhala limodzi, lotchedwa bond0, ndipo pali mitundu isanu ndi iwiri ya kamangidweka, kotchedwa bonding, kuyambira mode 0 mpaka mode 6. Active-backup ndi mode 1. Synology imaitcha Active/Standby, TrueNAS imaitcha Failover, ndipo pa Windows Server, kuyambira ya 2012, imapezeka mu NIC Teaming mukasankha Switch Independent n'kuika khadi limodzi kukhala lodikira. Seva imakhala ndi adiresi imodzi. Khadi loyamba likasiya kuona chingwe, lachiwiri limanyamula adiresiyo n'kulengeza kwa switch kuti tsopano ili kuno.

Njira imeneyi ndimaikonda, ndipo sindibisa. Siwonjezera liwiro ngakhale pang'ono, koma sifuna chilichonse kwa switch. Ngakhale switch yotsika mtengo yopanda zoikamo imagwira. Chofunika kwambiri n'chakuti chingwe choyamba mutha kuchilowetsa m'switch A, chachiwiri m'switch B, ma switch awiriwo n'kuwalumikiza ndi chingwe chimodzi. Apa ndiye mwapeza M1 ndi M5. Imatetezanso chilichonse chimene seva ikuchita: SMB, NFS, tsamba loyendetsera makinawo, ngakhale backup ya usiku.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu saziganizira. Choyamba ndi mmene seva imadziwira kuti njira yafa. Ambiri amaika miimon=100, kutanthauza kuti pa mamilisekondi 100 aliwonse makina amayang'ana ngati chingwe chili ndi moyo. Chingwe chikazuka kapena switch ikazima, amadziwa nthawi yomweyo. Koma switch itha kukhala yoyaka, nyali zikuthwanima, pamene yasiya kudutsitsa chilichonse kapena chingwe chake chopita kwa anzake chadyedwa ndi makoswe kudenga. Zikatero miimon imaona kuti zonse zili bwino. Mankhwala ake ndi arp_interval pamodzi ndi arp_ip_target, m'malo mwa miimon: seva imafunsa makina ena, monga rauta, ndipo akapanda kuyankha imasamuka. Ikani maadiresi awiri kapena atatu oti izifunsa, kuti rauta ikazima seva isamangodumphadumpha pakati pa zingwe zabwinobwino.

Chachiwiri ndi anthu. Seva ikapulumuka pa switch B koma madesiki onse ali pa switch A, simunapulumutse munthu. Gawani madesiki. A zachuma ena akhale uku, ena uko, kuti tsiku loipa ntchito yofunika ipitirire penapake pamene mukusamutsa zingwe zinazo.

Ngati mukugwiritsa ntchito miimon, ikaninso updelay ya masekondi angapo, kuti seva idikire isanabwerere pa chingwe chimene chatsitsimuka. Magetsi akabwerera, port ya switch imayaka msanga switch isanakonzeke kudutsitsa kanthu, makamaka ngati ikuyendetsa spanning tree yakale ija, yoletsa uthenga kuzungulirazungulira pakati pa ma switch, imene imadikira masekondi 30 kapena kuposerapo. Seva ikathamangira kubwerera pa chingwe choyamba, anthu amadukidwa kachiwiri.

LACP: yotchuka, koma imalonjezedwa zimene sichita

LACP inakhazikitsidwa mu IEEE 802.3ad m'chaka cha 2000, kenako inasamutsidwira ku 802.1AX mu 2008. Pa Linux ndi mode 4. Apa zingwe zonse zimagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo seva ndi switch zimatumizirana timauthenga totsimikizirana kuti gululo likadali lamoyo. Mukaika slow, kauthenga kamapita pa masekondi 30 aliwonse. Mukaika fast, pa sekondi iliyonse. Timauthenga titatu tikasowa, chingwecho chimachotsedwa m'gulu. Choncho chingwe chimene chafa mwakachetechete chimadziwika patatha masekondi 90 kapena atatu okha, kutengera chimene munasankha. Sankhani fast. Kuyankhulana kumeneku ndi kumene kumachititsa LACP kuposa gulu loikidwa pamanja, la static, limene limangokhulupirira kuti mbali inayo ili bwino.

Imafuna switch yokhala ndi zoikamo, ndipo ma port onse akhale a liwiro lofanana. Izi n'zodziwika. Chimene chimakhumudwitsa anthu ndi liwiro. Mnyamata wina wojambula mavidiyo a maukwati ku Katoto anandiimbira atagula switch yodula, akuti, "Akulu, ndamanga zingwe ziwiri koma fayilo ikukoperabe pa 112 MB pa sekondi, chimodzimodzi kale." Palibe chimene chinalakwika. LACP sigawa kulumikizana kumodzi pa zingwe ziwiri, kuopa kuti zidutswa za uthenga zingafike zitasemphana. Imatenga maadiresi a mbali ziwirizo, n'kuwerengera, n'kusankha chingwe chimodzi cha kukambirana konseko. Kompyuta imodzi yokopera fayilo imodzi imapeza 1 Gbps basi, yomwe m'zochitika ndi cha m'ma 110 MB pa sekondi. Phindu limaoneka makompyuta khumi akamakoka nthawi imodzi. Ngakhale pamenepo, mukasiya xmit_hash_policy, choikamo chosankhira chingwe, pa layer2, amene akudzera pa rauta onse amaoneka ngati munthu mmodzi ndipo amapanikizana pa chingwe chimodzi. Layer2+3 kapena layer3+4 imagawa bwinoko.

Mnyamata ujayo akanapindula kwambiri ndi khadi limodzi la 2.5 Gbps, limene limayenda pa chingwe cha Cat5e chomwe anali nacho kale, kapena la 10 Gbps.

Nanga pa nkhani ya chitetezo? LACP wamba imafuna kuti zingwe zonse zithere m'switch imodzi. Ndiwo msewu wotakasuka wa mlatho umodzi uja, ndipo ndi zimene ndinapeza ku Luwinga. Kuti idutse pa ma switch awiri, awiriwo ayenera kudzionetsa ngati imodzi, kudzera mu stacking kapena MLAG, imene Cisco imaitcha vPC pa ma switch a Nexus, ndipo MikroTik inaibweretsa mu RouterOS 7 pa ma switch ena a mtundu wa CRS. Ikakonzedwa bwino, imeneyi ndi njira yapamwamba: liwiro la anthu ambiri, chitetezo cha misewu iwiri. Koma muyenera kugula ma switch awiri ofanana, ndipo payenera kukhala munthu amene akuimvetsa. Kuno kumpoto, chipangizo chotere chikafa simuchipeza pa shelefu m'tauni tsiku lomwelo. Mudikira chichokere ku Lilongwe, ku Blantyre kapena kunja. Bungwe lalikulu lokhala ndi akatswiri ake lingathe. Ofesi ya anthu makumi awiri ndimailangiza kuti isayambe.

Za balance-alb, mode 6, imene Synology imaitcha Adaptive Load Balancing, ndinena mwachidule. Imagawa makompyuta pa zingwe ziwiri popanda thandizo la switch, pouza kompyuta iliyonse adiresi ya MAC, nambala yodziwira khadi, yosiyana. Imagwira, koma zikavuta n'zovuta kulondola, ndipo sigwirizana ndi kufufuza kwa ARP kumene ndatchula pamwambapa. Balance-rr, mode 0, ithadi kuthamangitsa fayilo imodzi pa zingwe ziwiri, koma imasokoneza dongosolo la zidutswa. Isiyeni pokhapokha mukulumikiza makina awiri mwachindunji.

SMB Multichannel

Iyi inabwera ndi SMB 3.0 mu Windows 8 ndi Windows Server 2012. Ku mbali ya Samba, imene ili m'kati mwa ma NAS ambiri, inakhala zaka ili yoyeserera mpaka Samba 4.15 ya mu 2021, pamene inayamba kubwera yoyatsidwa kale. Maganizo ake ndi osiyana ndi a bonding. Simumanga makhadi. Lililonse limakhala ndi adiresi yake, kompyuta ikalumikizana ndi seva imafunsa kuti, muli ndi makomo angati, kenako imatsegula njira pa onse. Ndi yokhayo mwa zimene tatchulazi imene imathamangitsa fayilo imodzi pa zingwe ziwiri mosavutitsa, ndipo chimodzi chikazuka pakati pa kukopera, ntchito imapitirira pa chotsalacho. Switch sifunika kudziwa kanthu. Pa Windows lembani Get-SmbMultichannelConnection mu PowerShell pamene fayilo ikukopera, muone ngati njira zilidi ziwiri.

Kwa wojambula mavidiyo, kapena seva ya Hyper-V imene imasunga makina ake pa SMB, ndi njira yabwino kwambiri. Kufooka kwake n'kwakuti phindu lenileni limafuna kuti kompyuta nayonso ikhale ndi makhadi awiri a liwiro lofanana, pamene makompyuta a m'maofesi athu ambiri ali ndi limodzi. Imateteza SMB yokha. Backup imene imaloza adiresi imodzi imaima adiresiyo ikasowa. Ndiponso imapulumutsa amene analumikizidwa kale. Wobwera m'mawa n'kuyatsa kompyuta adzafuna dzina la seva, ndipo ngati DNS, imene imamasulira dzina kukhala adiresi, ikudziwa adiresi yakufayo yokha, sadzalowa. Lembetsani maadiresi onse awiri.

MPIO: ngati ndi iSCSI, musayang'anenso kwina

Apa ndipo pamene ndimaumirira. iSCSI imanyamula malamulo a disiki pa netiweki, ndipo disiki ikasowa kwa kanthawi, makina onse amene akukhala pa iyo amauma kapena kuwononga zimene amalemba. Dziko la madisiki lili ndi njira yakeyake yothanirana ndi zimenezi, yotchedwa multipath kapena MPIO, ndipo imaposa bonding chifukwa imayang'ana ulendo wonse, kuyambira pa seva mpaka pa disiki yeniyeniyo, osati nyali ya pa port yokha.

Kakonzedwe kake n'koyera. Khadi loyamba la seva ndi khadi loyamba la NAS zikhale pa netiweki yawoyawo, tinene 10.10.1.0/24, pa switch A. Makhadi achiwiri akhale pa 10.10.2.0/24, pa switch B. Ma switch awiriwa safunika n'komwe kulumikizana, ndipo ndi bwino asatero, kuti vuto la uku lisawolokere uko. Musaike gateway, adiresi ya rauta yotulukira kunja, pa makhadi amenewa. Seva imalowa ku NAS kawiri, pa adiresi iliyonse kamodzi, ndipo imaona disiki yomweyo kawiri.

Pamenepa m'pamene pagona ngozi. Pa Linux mudzaona /dev/sdb ndi /dev/sdc, zooneka ngati madisiki awiri pamene ndi imodzi. Pulogalamu ya multipathd imazizindikira ndi nambala yake ya WWID n'kuziphatikiza kukhala chinthu chimodzi pansi pa /dev/mapper. Chimenecho ndicho mugwiritse ntchito. Mukamanga pa /dev/sdb mwachindunji, mwadzitsekera pa njira imodzi ngakhale munagula zonse ziwiri. Lamulo la multipath -ll likuonetsani njira ziwiri, iliyonse italembedwa active ndi ready. Pa Proxmox muyenera kuika phukusi la multipath-tools nokha. Pa Windows Server yambani mwaika MPIO, muyatse gawo lothandiza zipangizo za iSCSI, muzimitse n'kuyatsanso makina, kenako mulumikize njira yachiwiri. Dziwaninso kuti MPIO ili mu Windows Server, osati mu Windows 10 kapena 11 ya pa desiki.

Pali nambala imodzi imene imagwetsa anthu. Mu open-iscsi, pulogalamu ya iSCSI ya pa Linux, replacement_timeout, nthawi yodikira njira ikafa, imabwera ili pa masekondi 120. Ndi nthawi yabwino ngati muli ndi njira imodzi, chifukwa mumafuna makina adikire chingwe chibwerere. Koma pa multipath, kudikira mphindi ziwiri musanasamukire ku njira yamoyo n'kuzunza database popanda chifukwa. Itsitseni ifike pa masekondi ochepa, ndipo kudikira kwakutali mukusiyire multipath kudzera mu no_path_retry, kwa tsiku limene njira zonse zafa. Pa VMware, Round Robin, dongosolo losinthanitsa njira, imasintha njira pakatha malamulo 1000, ndipo opanga zosungira ambiri amalangiza kutsitsa nambalayi. Tsatirani zimene wopanga makina anu analemba.

Ena amafuna zonse: amamanga LACP, kenako n'kuikapo iSCSI pamwamba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kulumikizana kumodzi kwa iSCSI kumagwera pa chingwe chimodzi cha gululo, MPIO imaona njira imodzi yokha, ndipo mwataya ubwino wa zonse. Ngati NAS ili ndi ma port anayi, awiri apatseni iSCSI osamangidwa, awiri enawo muwamange a anthu a m'ofesi.

NFS ilibe zambiri. NFS 3 imadziwa adiresi imodzi, choncho chitetezo chake chimachokera pa bonding ya pansi pake. Kuyambira Linux 5.3 ya mu 2019 pali nconnect, imene imatsegula malumikizano mpaka 16 ku adiresi yomweyo. Pamwamba pa LACP ya layer3+4 amatha kugawika pa zingwe zonse. NFS 4.1 imatha kugwiritsa ntchito maadiresi angapo, ndipo ESXi ya VMware imachita zimenezi kuyambira 6.0, koma onetsetsani kuti NAS yanu nayo ikulola.

Zimene zingwe sizingakonze

Ma switch awiri olumikizidwa pa extension imodzi ndi switch imodzi. Iliyonse ikhale ndi UPS yake, kapena ina pa UPS ina pa inverter ya sola, ndipo jenereta ikamayaka muone ngati zonse zikupirira kugwedezeka kwa magetsi. Ma port awiri a pa khadi limodzi amafera limodzi khadilo likapsa. Pa seva ndi bwino kutenga port imodzi ya pa motherboard, ina ya pa khadi lowonjezera. Zingwe zisadutse m'paipi imodzi, chifukwa khoswe amene wapeza chimodzi wapeza zonse. Chingwe cha kopa chisapitirire mamita 100, ndipo pakati pa nyumba ziwiri ikani fibre. Mphezi sifunika kugunda nyumba yanu. Kugunda pafupi n'kokwanira kutumiza mphamvu m'chingwe cha kopa chodutsa panja, ndipo ndi chingwe chotero, chopita ku nyumba yosungira katundu, chimene ndikukhulupirira kuti chinapha switch ya ku Luwinga. Galasi la fibre silinyamula magetsi.

Jumbo frames, zidutswa zikuluzikulu za uthenga za MTU ya 9000 m'malo mwa 1500, zimathandiza pang'ono pa iSCSI, koma zikaikidwa pa njira imodzi n'kuiwalika pa inayo, zonse zimaoneka bwino mpaka tsiku losamuka. Yesani njira iliyonse payokha ndi ping, lamulo loona ngati makina ena akuyankha: ping -M do -s 8972 pa Linux, kapena ping -f -l 8972 pa Windows. Ngati simukuzifuna kwenikweni, khalani pa 1500. Ndipo NAS yokhala ndi controller imodzi, gawo loyendetsa madisiki, ikafa, zingwe zinayi sizithandiza. Imeneyo ndi ntchito ya backup yosungidwa kwina.

Ku Luwinga kuja tinabwereka switch tsiku lomwelo kuti malipiro atuluke. Patatha masabata awiri tinabwerera ndi ma switch awiri wamba. Tinachotsa LACP, tinaika active-backup, tinagawa madesiki, tinasintha chingwe cha panja chija kukhala fibre. Loweruka masana, anthu ataweruka, ndinapempha amayi aja kuti atsale. Ndinayambitsa kukopera fayilo yaikulu pa kompyuta yawo, ndinatsegula ping pambali, ndipo pa laputopu yanga ndinali kuyang'ana mzere umene umaonetsa khadi logwira ntchito.

"Mayi, zulani chingwe chabuluucho."

Anazengereza. "Sindiwononga zinthu, achimwene?"

"Zulani, ndi chifukwa chake tabwera."

Anazula. Ping imodzi inasowa, mzere uja unasintha kuchoka pa eth0 kupita pa eth1, fayilo inaima kamphindi n'kupitirira. Tinabwezera chingwecho, tinadikira, tinazula chinacho. Kenako tinazimitsa switch A pa soketi, ndipo apa tinapeza chimene sitinachiganizire: rauta ndi printa yaikulu zonse zinali pa A. Printa tinaisamutsira pa B, ndipo port yopuma ya rauta pa B tinaimata kapepala kolemba dzina lake, kuti aliyense athe kusamutsa chingwecho ine kulibe. Amayiwo anatenga cholembera n'kulemba pa kalendala ya pakhoma tsiku la mu Okutobala, mvula isanayambe, loti tidzazulenso zingwezo.